Kuchoka pa Zomba kukafika ku Dar es Salaam pa basi, chikwama chili kumsana

Sabata yathayi mnyamata wina anandiimitsa mumsika waukulu wa Zomba, ine ndikusankha nyemba, n'kundifunsa funso lomwe ndafunsidwa kambirimbiri: "Achimwene, akuti inuyo mumayenda ku Tanzania pa basi. Zimakhala bwanji?" Ndinamulongosolera titaima pomwepo, dzuwa likutiswa pamutu, koma nditafika kunyumba ndinakumbukira kuti chachikulu chenicheni sindinamuuze. Usiku umenewo mtima sunakhale m'malo. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, bwinobwino, kuti wina akadzafunsanso ndizidzangomupatsa izi.

Ndikulankhula ndi inu amene mukufuna kuyenda ndi chikwama chimodzi chobereka, kudumphadumpha mabasi, kugona pamene dzuwa lakuloweretsani, kuti muone dziko. Basi yolunjika yochokera ku Lilongwe ilipo, amalonda amaikonda, koma mumakhala mutapanikizika ndi mabelo kwa maola osawerengeka ndipo zambiri zimakudutsani muli mtulo. Njira yanga ndi yodukizadukiza, masiku atatu kapena anayi.

1. Mapepala

Pasipoti ndiye ulendo. Chiphaso cha unzika chimakuthandizani potenga pasipotiyo, koma pachokha sichiwolotsa munthu kupita ku Dar es Salaam. Musanyengedwenso ndi amene amati "ukangofika pa boda ukadula border pass". Kapepala kameneko n'ka anthu ongolowa pafupi ndi malire n'kubwerera, kukagula mpunga kapena kukaona abale tsidya linalo. Mukakagwidwa nako ku Iringa, m'kati mwenimweni mwa Tanzania, ndi mlandu.

Tsegulani pasipoti yanu lero lino muone tsiku lothera ntchito. Pazikhala patatsala miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, komanso masamba osadindidwa akhalepo. Ife Amalawi sitifunika viza pokangocheza ku Tanzania. Kucheza, osati kukagwira ntchito kapena kukatsegula bizinesi, zimenezo zili ndi mapepala ake ena.

Jambulitsani tsamba la chithunzi chanu pa pepala kawiri. Limodzi musiyire achibale, lina mupinde muike posiyana ndi pasipoti. Ijambuleninso pa foni. Ikatayika, ofesi ya kazembe wa Malawi ku Dar es Salaam idzakuthandizani msanga mukakhala ndi nambala yake m'manja.

Pali kakhadi kachikasu ka katemera wa yellow fever. Lamulo la Tanzania limafuna kakhadika kwa ochokera kumayiko komwe matendawa aliko, ndipo Malawi sali m'gulu limenelo, komabe a zaumoyo pa boda amatha kukafunsa. Ine ndinabayitsa kuti ndisamataye nthawi ndi kukangana. Katemerayu ndi wa kamodzi moyo wonse, koma kakhadi kamayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10 chibayitsireni, ndiye musapite kuchipatala dzulo lake la ulendo. Funsani ku ofesi ya zaumoyo ya boma komwe akubaya. Wina akakuuzani kuti akugulitsani khadi lodindadinda kale popanda jakisoni, mukaneni.

2. Ndalama

Apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi, ndipo sindiwadzudzula. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja m'mabanki mwathu zimasowa. Yambani kufunsa ku banki kudakali milungu ingapo, mutanyamula pasipoti ndi umboni wa ulendo. Mukapeza madola, aoneni kuti ndi atsopano, osang'ambika, osalembedwa ndi cholembera, chifukwa akale kapena akuda amawakana kapena kuwagula motchipa.

Gawani ndalamazo patatu. Zoyendera m'dziko muno zikhale pa Airtel Money kapena Mpamba, muzitapa pang'onopang'ono. Zosinthira pa boda zikhale m'thumba lakutsogolo, zowerengeratu. Gawo lachitatu ndi makwacha obwererera kuchoka pa boda ya Songwe mpaka pa Zomba: akulungeni, muwabise pansi pa chikwama, muwaiwale. Ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam, mudzaona nsapato yokongola mtima n'kunena kuti "tapako pang'ono". Musatape.

Khadi la ATM nyamulani, koma lisakhale chiyembekezo chanu chokha. Uzani banki yanu kuti mukutuluka, mufunsenso malire a ndalama zomwe amalola kutapa kunja.

3. Chikwama

Chikakulemerani pochoka kunyumba kufika pa depoti ya Zomba, chotsanimo zina. Zovala zosinthira zitatu, sopo, mswachi, chitenje chimodzi (chofunda, chopukutira, chotchingira fumbi, chimagwira zonse, ngakhale kwa abambo), tochi, chaja ndi power bank, mankhwala omwe mumamwa nthawi zonse, kaloko kakang'ono. Ndipo jekete lochindikala. Anthu amamva Tanzania n'kuganiza za kutentha kwa kunyanja, koma Mbeya, mzinda waukulu woyamba mukawoloka boda, ili pamwamba, ndipo m'mawa wa Juni kumeneko umaluma ngati ku Ku Chawe. Majumbo apulasitiki asiyeni: Tanzania inawaletsa kuyambira Juni 2019, ndipo lamulolo limakhudza ndi alendo omwe.

4. Kuchoka pa Zomba mpaka ku Karonga

Lawirirani. Pa depoti oitanira adzakuthamangirani, wina kugwira chikwama, wina dzanja, aliyense akuti "yatsala munthu mmodzi, bwana". Chikwama chisachoke kumsana mpaka mutasankha nokha. Suzumirani m'kati. Anthu amene akhala opanda katundu, osatekeseka, akucheza ndi kondakitala ngati anzake, kawirikawiri si apaulendo. Amangokhalamo kuti galimoto ioneke yodzaza, ndipo enieni akamabwera iwo amatsika mmodzimmodzi. Fufuzani ya amayi okhala ndi mitolo pamiyendo.

Njira mukuidziwa: Liwonde, kuwoloka Shire, Balaka, kukagwira M1 pa Chingeni, kenako Ntcheu, Dedza, Lilongwe. Ku Lilongwe mukwera ya ku Mzuzu kudzera ku Kasungu ndi Jenda. Ilipo njira ina ya m'mphepete mwa nyanja, yodzera ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, yokongola kwambiri, koma m'dzinja funsani kaye ngati milatho ili bwino.

Tsiku loyamba lekezani pa Mzuzu. Ndikudziwa kuti mukuwerengera ndalama ya malo ogona, koma mtunda wa Chiweta ndi wofunika kuutsika masana: msewu ndi wokhotakhota, ndiponso pamene nyanja imatulukira mwadzidzidzi pansi panu, yobiriwira mpaka kumapiri a tsidya lija, simalo ogonapo tulo. Tsiku lachiwiri mukafike ku Karonga masana, mudye mpunga wa kilombero komwe umalimidwa, mupite kukaona mafupa a Malawisaurus, chinyama chakalekale cha mtundu wa dinosaur, ku myuziyamu ngati nthawi ilipo, mugone. Musanagone funsani anthu awiri kapena atatu osadziwana, a pamalo ogona, a m'sitolo, kuti shilingi ya Tanzania ikusinthidwa bwanji lero. Lembani nambalayo. Mawa idzakhala chida chanu.

Mafuta akasowa m'dziko, mitengo ya minibasi imakwera ndipo magalimoto amachepa. Ikani tsiku limodzi lapadera pa dongosolo lanu.

5. Pa boda ya Songwe

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ambiri akamafotokoza amangoti "kenako umawoloka boda", ngati kuti ndi kudumpha ngalande. Ndalama zambiri zomwe anthu amataya pa ulendowu zimatayikira pa kamtunda kosakwana kuyenda theka la ola.

Kuchoka ku Karonga ndi pafupifupi makilomita 45, ndipo timataxi togawana timanyamuka tikadzaza. Fikani m'mawa. Boda ili ndi nthawi yake yotseka, komanso mukawoloka madzulo mukafika ku Mbeya usiku, mumzinda womwe simukuudziwa, chinenero chake simuchimva.

Galimoto isanaime n'komwe, anyamata adzakhala atafika pa windo, mipukutu ya ndalama ili m'manja. Ena adzati akuthandizani kudinditsa, ena akunyamulirani chikwama. Yankhani mwaulemu kuti "zikomo achimwene, ndili bwino", muziyenda. Osakwiya, osathamanga, osaima.

Poyamba lowani mu ofesi ya Immigration ya kwathu. Pasipoti muipereke nokha, kwa wovala yunifolomu amene wakhala pa kauntala, osati kwa munthu wa panja ngakhale atavala bwanji. Chidindo chotulukira salipiritsa. Akakubwezerani, musangoiponya m'thumba: tsegulani pomwepo, pezani chidindocho, onani kuti deti lake ndi la lero. Wogwira ntchito amadinda mazana a mapasipoti, ndipo kulakwitsa kumachitika. Kukonza muli pomwepo ndi mphindi imodzi. Kukonza pobwerera ndi tsiku lathunthu.

Kenako muyenda wapansi kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Songwe. Mtsinjewo ndiwo malire. Tsidya linalo amalitcha Kasumulu, dzina limenelo mulisunge, chifukwa ku Mbeya mukadzati "Songwe" akhoza kukulozerani kwina: kumeneko Songwe ndi dzinanso la chigawo china ndi bwalo la ndege. Pa mlatho ndi m'maofesi foni ikhale m'thumba, kujambula pamalo otere kumabweretsa mafunso osafunika.

Ku Kasumulu muyamba ndi a zaumoyo, kenako a Immigration, omwe kumeneko amati Uhamiaji. Adzakufunsani zinthu zitatu: mukupita kuti, mukakhala masiku angati, mukafikira kuti. Konzeranitu mayankho. Dzina la malo ogona a ku Mbeya kapena ku Dar es Salaam likhale lolembedwa pa pepala. Nenani zoona, ndipo pa masikuwo onjezerani pang'ono: ngati mukuganiza za sabata imodzi, pemphani ziwiri, chifukwa basi imawonongeka, munthu amadwala. Akadinda, werengani masiku amene alemba ndi cholembera pa chidindocho. Amenewo ndiwo lamulo lanu, osati zimene mnzanu anapatsidwa chaka chatha. Kupitirira ngakhale ndi tsiku limodzi kuli ndi chindapusa.

Tsopano kusintha ndalama. Njira yovomerezeka ndi banki kapena bureau, ndipo ngati yatsegula ndipo ili ndi mashilingi, lowani mmenemo mulandire risiti. Koma ndikudziwa kuti ambiri amathera kwa anyamata a pamsewu, ndiye imvani mmene anthu amaberedwera. Sakulandani ayi. Amakusokonezani mutu. Amabwera atatu, wina akuwerenga mokweza, wina akukufunsani za kwanu, wina akuti "fulumirani apolisi akubwera". Mumapezeka mwavomera nambala yomwe yasowa ziro mmodzi. Kapena amawerenga ndalama zokwanira inu mukuona, n'kuzitenganso kuti "dikirani ndionenso", pobweza zapakati zasanduka zing'onozing'ono.

Chitani chonchi. Lankhulani ndi mmodzi yekha, enawo atalikire. Werengerani pa foni yanu, osati yake, ndi mtengo uja munalemba ku Karonga. Iye ayambe kukupatsani mashilingi. Awerengeni limodzilimodzi, mukuyang'ana pepala lililonse: la 10,000 ndi lofiira, lili ndi njovu, ndipo ndilo lalikulu kwambiri, la 5,000 lili ndi chipembere, la 2,000 mkango, la 1,000 nkhope ya Julius Nyerere. Mukakhutira, aikeni m'thumba, kenako mutulutse makwacha omwe munawerengeratu. Akapempha kuti agwirenso mashilingiwo, yambiraninso kuwerenga kuchokera pa chiyambi, kapena mubwezereni zonse muchoke. Wopereka mtengo wokoma kuposa wina aliyense ndiye woyenera kumuopa. Ndipo sinthani zongokufikitsani ku Mbeya ndi kugona usiku umodzi. Madola mukasinthe mumzinda.

Chomaliza pa boda: musagule tikiti ya ku Dar es Salaam kwa munthu woyendayenda ndi kabuku ka marisiti. Adzakulozerani basi yaikulu yoima chapatali kuti ndi imeneyo. Tikiti ya ku Dar mukaidula ku Mbeya, mu ofesi yokhala ndi chitseko ndi dzina. Pamene pamaima maminibasi a ku Mbeya pali kamtunda kuchoka pa geti. Mutha kuyenda, kapena kukwera kabaza wa njinga yamoto, amene kumeneko amati bodaboda. Mtengo mugwirizane musanakwere.

6. Nthawi: chija ndinaiwala kumuuza mnyamata uja

Pali misampha iwiri, ndipo imagwira limodzi.

Woyamba ndi wosavuta. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Kwathu ikamati 9 koloko, tsidya la mlatho ndi 10 koloko. Foni ikhoza kukakamirabe netiweki ya kwathu muli pafupi ndi malire, ndiye isintheni nokha.

Wachiwiri ndi umene umaliza anthu. M'Chiswahili tsiku limayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka. 7 koloko m'mawa iwo amati saa moja, ola loyamba. 8 koloko ndi saa mbili. 12 koloko masana ndi saa sita. Ndiye 6 koloko m'mawa, nthawi yomwe mabasi ambiri akutali amanyamuka, ndi saa kumi na mbili, ola la 12. Kusiyana kwake ndi maola asanu ndi limodzi nthawi zonse.

Ulendo wina ndinagona pa malo amodzi ku Mbeya ndi bambo wina wa ku Chinamwali, amene kanali koyamba kutuluka m'dziko. Tinapezana madzulo, tinakondwa kumva Chichewa, tinadyera limodzi, aliyense n'kukagona. Ine tikiti yanga inali ya tsiku linalo. Cha m'ma 10 koloko m'mawa ndinawapeza panja akumwa tiyi mosatekeseka, chikwama chili pambali, akuti akudikira basi ya 12 koloko. Anandionetsa tikiti: kalaliki analemba ndi cholembera 12:00, pambali pake mawu akuti asubuhi. Basi inali itapita maola anayi apitawo. Sindidzaiwala mmene anakhalira chete, akuyang'ana kapepalako, kenako n'kuyamba kuwerenga ndalama zotsala pa bondo. Anadulanso tikiti ina ndi ndalama yomwe anasungira mphatso za ana.

Ndiye podula tikiti, musangomva nambala. Tulutsani foni, lembani 06:00, muonetseni kalalikiyo, muloze kum'mawa ngati kuli kofunika. Sungani mawu anayi awa: asubuhi ndi m'mawa, mchana ndi masana, jioni ndi madzulo, usiku ndi usiku ngati kwathu. Funsaninso nthawi yofikira pa siteji, chifukwa imakhala yosiyana ndi yonyamukira. Paja safunsa anadya phula.

7. Kasumulu mpaka Mbeya

Minibasi kumeneko ndi daladala, siteji ndi stendi, malo ogona otchipa ndi gesti. Msewu umakwera kudutsa ku Tukuyu, minda ya tiyi ndi nthochi mbali zonse, nkhungu ngati ku Thyolo. Pa Uyole mumakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Zambia kupita ku Dar es Salaam. Nthawi zina amakusinthitsani galimoto panjira. Funsani ngati ndalama munalipira ija ikukwanira mpaka kumapeto.

Mukafika, dulani tikiti ya mawa musanafune chakudya. Onani kuti alembapo nambala ya mpando, tsiku, ndi dzina la basi. Sankhani mpando wapakati, kumbuyo kumadumpha. Kenako pezani gesti yapafupi ndi stendi, muone chipinda musanalipire, makamaka loko ndi neti ya udzudzu. Simu khadi mugule mu shopu yeniyeni ya kampani ya mafoni, mutanyamula pasipoti; yolembetsedwa m'dzina la munthu wina ikhoza kutsekedwa ndalama zanu zili momwemo.

Chizungu musachidalire kwambiri. Chiswahili chili pafupi ndi chathu kuposa mmene mukuganizira: maji ndi madzi, nyama ndi nyama, njia ndi njira. "Shilingi ngapi?" ndiko kufunsa mtengo. Popempha chinthu yambani ndi "naomba". Wamkulu mum'patse moni wakuti "shikamoo", adzayankha "marahaba", ndipo mudzaona nkhope yake ikumasuka.

8. Mbeya mpaka Dar es Salaam

Ndi makilomita oposa 800, tsiku lathunthu. Makambako, Mafinga, Iringa, kenako kutsika phiri la Kitonga, komwe aliyense m'basi amakhala chete. Kutsogolo kuli chigwa cha malambe ochuluka, ndipo msewu umadutsa m'kati mwenimweni mwa nkhalango ya Mikumi. Khalani maso pamenepo: akadyamsonga, mbidzi, anyani, mwina njovu, mukuziona pa windo osalipira kanthu. Kenako Morogoro, Chalinze, ndi mzinda.

Poima kuti anthu adye, nthawi imakhala yochepa zedi. Yambani ndi kuchimbudzi, chakudya mugule chonyamula, chipsi mayai ndiye chosavuta, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira. Lowezani mtundu ndi nambala ya basi yanu, chifukwa pamaima zambiri zofanana. Kondakitala akati "kuchimba dawa", sakunena za mankhwala: ndi kuima patchire kuti anthu adzithandize. Kachikwama ka pasipoti ndi ndalama kazitsika nanu nthawi iliyonse. Chakumwa kapena bisiketi yotsegula kale ya munthu amene mwangodziwana naye m'basi, ikaneni mwaulemu.

Mabasi akutali amathera pa Magufuli Bus Terminal ku Mbezi, kunja kwa mzinda, ndipo kawirikawiri mumafika kutada. Usiku woyamba gonani chapafupi, za ku Kariakoo ndi kunyanja muziona kukacha.

Okonda sitima, njanji ya TAZARA imadutsa pa Mbeya. Inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, makilomita 1,860 kuchoka ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi ku Zambia. Siyenda tsiku lililonse ndipo imachedwa, koma ngati masiku a pa chidindo chanu akulola, bwererani nayo.

9. Pobwerera

Zonse zija muzichita mobwerera: chidindo chotulukira ku Kasumulu, mlatho, chidindo cholowera kwathu, ndipo chilichonse muchiwerenge musanachoke pa kauntala. Ngati mwagula katundu, marisiti akhale pamodzi, ndipo a MRA akafunsa nenani zonse zimene mwanyamula. Wina akakuuzani kuti akuwolotserani katunduyo njira yachidule ya kumtsinje, dziwani kuti kutsogolo kuli marodibuloko, ndipo kumeneko mudzakhala nokha. Mashilingi otsala athereni pa boda pomwepo, pa Zomba palibe adzakulandireni. Wotchi ibwezeni ola limodzi. Kenako pisani pansi pa chikwama, mutulutse makwacha aja munakulunga, mukwere ya ku Karonga.